Akazembe a Kuseri kwa Phiri

Kalekale, inu ana, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kusinza kumbuyoko, nyama za m'dambo la Msambanjati zinkalamulidwa ndi mlenje wina wochokera kutali. Adazilamula ndi mfuti, adazilamula ndi misampha. Tsiku lina adatopa nazo, adamanga katundu wake, adabwerera kwawo. Nyama zidalandira ufulu, ndipo zidavina mpaka fumbi lidaphimba dzuwa.

Fumbi litakhazikika, zidasankha Nsato kuti akhale mfumu. Chifukwa chake musandifunse ine. Ena ankati ndi wofatsa, sakalipira mnzake. Ena ankati alibe manja, ndiye sangabe.

Mlenje uja pochoka adasiya ngolo, chingwe, lipenga ndi galu wake wokalamba. Dziko la ufulu limayenera kukhala ndi asilikali, koma padalibe nyama yodziwa kuguba. Choncho Galuyo ndiye adakhala mkulu wa asilikali woyamba. Adaphunzitsa nyama kuima njo, kumenya sawasha ndi kutseka pakamwa.

"Msilikali saganiza," ankatero Galu. "Msilikali amamva lamulo basi."

Phunziro limeneli nyama zidaligwira kuposa onse, poti lidali losavuta.

Chidavuta ndi lipenga. Njati adaliuzira, mudatuluka malovu okhaokha. Nyani adaliuzira, mudatuluka phokoso loti sindingalitchule pali akuluakulu pano. Kenaka kudabwera Sakhwi, kanyama kochepa ngati mbewa, ka mphuno yaitali yosongoka. Adalowetsa kamphunoko m'lipenga, ndipo lidalira: "Tatee! Tatee-tee!" Ntchito adaipeza tsiku lomwelo, ndipo adakalamba nayo.

Galu atafuna kutsatira mbuye wake, adasiya mwambo wotsazikira mkulu wa asilikali. Mvetserani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamwambowu. Ngolo ankaiveka nthambi ndi maluwa mpaka pansi. Mkulu wochokayo ankatula ndodo yake pamaso pa mfumu n'kukwera pangolo, ndipo kuyambira pamenepo mawu ake sankakhalanso lamulo. Asilikali ankagwira chingwe n'kumukoka kuchoka pabwalo la perete kukafika pachipata. Dzina la mkulu watsopano linkatchulidwa ngolo ikafika pachipatapo. Kukoka kukayamba sikunkaima, pokhapokha mfumu inene kapena lipenga lilire. Ankakoka akuimba:

Kokani, kokani,
Bwana akupita, kokani!
Osacheuka, osafunsa,
Bwana akupita, kokani!

Adamukoka Galu, adatsika pachipata, adagwedeza mchira, ulendo. Mwa akulu onse a asilikali a ku Msambanjati, ameneyu yekha ndiye tidamva kuti adakafika kumene ankapita.

Ndodo idapita kwa Mbawala, mwana wa m'dambo momwemo. Adamuveka nyenyezi zamkuwa paphewa, ndipo akamayenda zinkalira ngwere, ngwere. Kudali nthungululu tsiku limenelo! Koma wosangalala koposa adali Sakhwi, chifukwa iye ndi Mbawala adali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Pa ulendo wautali Sakhwi ankakwera pakati pa nyanga za mnzakeyo, lipenga lili kumsana.

Nsato adalamula kuti mkulu wa asilikali asamagube, asamathamange, ndipo azidya kawiri pamene anzake adya kamodzi. Adati umenewo ndiwo ulemu wake. Mbawala adadya, adanenepa, khungu lidasalala see. Atanenepa bwino, mfumu idaitanitsa msonkhano.

"Mkulu wathuyu wagwira ntchito yotamandika," adatero Nsato, kalilime kali lawilawi. "Ndikumukweza. Apite akakhale kazembe wathu kuseri kwa phiri. Akatsika pachipata alowe kuphanga kwanga titsazikane patokha. Adzatulukira khomo lakuseri, lolunjika njira ya kuphiri."

Nthawi imeneyo n'kuti mkazi wa Mbawala ali woyembekezera. Asanakwere ngolo, Mbawala adaweramira mnzake uja.

"Sakhwi mnzanga, undionere banjali. Ndikakhazikika ndidzatuma mthenga kudzawatenga."

"Pita bwino, bwanawe," adayankha Sakhwi. "Ukaona zokoma kumeneko usandiiwale."

Adamukoka, lipenga lidalira, adalowa kuphanga.

M'mawa mwake Nsato adatuluka kudzaothera dzuwa, pamimba patatupa ngati mtsuko. Nyama zidagwira pakamwa. "Taonani chikondi cha mfumu yathu! Yatupa ndi chisoni!" Adagona choncho mpaka mwezi udafa, osadya, osalankhula, ndipo amayi ankabwera chogwada kudzamupepesa.

Ndodo idapita kwa Njiri. Njiri adali wopemphera, ankadya atagwada, ndipo adalamula kuti asilikali onse azidya atagwada. Adanenepa, adakwezedwa, adamukoka, mfumu idatupa ndi chisoni. Ndodo idapita kwa Nkhandwe, amene ntchito yake yonse idali kusintha mtundu wa zipewa. Adanenepa, adakwezedwa, adamukoka, mfumu idatupa ndi chisoni. Pusi adangokhalapo mvula imodzi, poti adabwera wonenepa kale. Gwape ndiye adakhalitsa, chifukwa adali ndi njoka zam'mimba ndipo mnofu sunkamugwira. Mfumu idadandaula kwambiri za thanzi lake, idamufunira asing'anga abwino, adachira. Atachira, adakwezedwa.

Mthenga wochokera kuseri kwa phiri sadabwere ndi mmodzi yemwe. Akazi a akazembe ankakhala patsinde pa phiri, maso kunjira. Akafunsa, ankauzidwa kuti ntchito ya ukazembe ndi yotangwanitsa. Mkazi wa Mbawala adabereka mwana wamwamuna, adamutcha Dikirani. Adadikira mayiyo, adadikira, mpaka maso adachita chidima. Adamwalira nkhope italoza kuphiri, mwana n'kutsala m'manja mwa Sakhwi.

Tangoganizani kanyama kotha kulowa m'chikho kakulera mbawala. Pofuna kumulangiza ankayamba wakwera pachulu kuti afike pakhutu. Pofuna kumukwapula ankangomuluma chiboda, mwana n'kumaseka. Koma adamulera, ndipo adamukonda kuposa moyo wake. Dikirani ankamutcha malume.

"Malume, atate anga ndi otani?"

"Ndi aatali, a nyanga zopotana ngati zikumerazo. Akamaseka amatsinzina diso limodzi."

"Nanga bwanji sabwera?"

"Ntchito, mwanawe. Ukazembe si masewera."

Sakhwi sankanama. Iyenso ankakhulupirira zomwezo.

Dikirani atakula adalowa usilikali, ndipo mumtima mwake mudali chinthu chimodzi chokha. Ankafuna adzakhale mkulu wa asilikali, adzakwezedwe, adzamukoke, akaone atate ake kuseri kwa phiri. Poguba adali woyamba, pa sawasha padalibe womuposa. Anzake akamapuma pamthunzi, iye adali padzuwa kupukuta nsapato.

Pagulu lonselo padali mmodzi amene ndodo inkangomulambalala. Ameneyo adali Njati, sajeni kuyambira tsiku la ufulu. Ngolo ikamayandikira chipata, Njati ankatukula chifuwa, nyanga atazipaka mafuta, koma dzina linkatuluka la wina.

"Inu a Njati, maphunziro adakucheperani," ankatero Nsato, akuyang'ana kutambasuka kwa nyangazo ndi diso lachisoni.

Chaka chimene adakoka Nguluwe, amenenso adagwirapo ndodo, dzina limene lidatuluka pachipata lidali la Dikirani. Sakhwi adaliza lipenga mpaka kamphuno kadachita dzanzi. Mwana wake, womulera yekha, nyenyezi paphewa! Adavina ngati si nkhalamba.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Patapita masiku, Nsato adatuma mawu kuti woliza lipenga abwere kuphanga adzamulizire nyimbo zofatsa, poti chisoni cha Nguluwe chinkamusowetsa tulo. Sakhwi adapita masana, dzuwa lili paliwombo. Aka kadali koyamba kulowa m'phangamo. Adaliza pang'onopang'ono, mfumu idagona. Atasiya kuliza, m'phanga mudati zii. Ndiye adamva kanthu. Nsato akakoka mpweya, m'mimba munkalira ngwere. Akautulutsa, ngwere.

Sakhwi ankalidziwa liwu limenelo. Adali atayenda nalo pambali pa akulu onse a asilikali. Koma mtima udakana. Adati, ndiyambe ndaona khomo limene mnzanga adatulukira. Adayenda mwakachetechete kulowera kumapeto kwa phanga. Adapeza thanthwe. Adafufuza ndi mphuno kumanja, thanthwe. Kumanzere, thanthwe. Pamwamba, pansi, padalibe ndi mng'alu womwe woti nyerere n'kudutsa. Khomo lakuseri kudalibe.

Adakhala pansi mumdimamo. Adalira mnzake Mbawala, amene adafa kalekale popanda womulira. Adalira mayi uja womwalira maso ali kunjira. Adalira mopanda mawu, kuopa kudzutsa mfumu, ndipo kulira kotere kumapweteka kwambiri. Kenaka adakumbukira kuti nyenyezi tsopano zili paphewa pa Dikirani, ndipo adatuluka liwiro.

Adamupeza kunyumba ya mkulu wa asilikali, mutu uli m'dengu la msipu wanthete.

"Bwana, ndiloleni ndilankhule ngati malume."

"Lankhulani, malume. Koma mwatani?"

Sakhwi adafotokoza zonse, za kulira kwa m'mimba ndi za thanthwe. Dikirani adasiya kutafuna.

"Ndiye mukuti atate anga ali m'mimba mwa mfumu?"

"Adalimo, mwanawe. Pano mwatsala nyenyezi zawo."

"Malume, ukalamba wakulowani m'mutu. Inu nomwe mudandiuza kuti ali pantchito."

"Ndidakuuza zomwe ndidauzidwa. Lero ndaona ndi maso."

"M'phanga mwamdima mudaona chiyani? Mwina khomolo amatseka ndi mwala." Dikirani adakankhira dengu lija pambali. "Moyo wanga wonse ndagubira tsiku limeneli. Amayi adafa osawaona. Ine ndatsala pang'ono kuwaona, ndiye inu mubwere ndi nkhani zoterezi? Mukadzabwereza mawu amenewa, ndidzaiwala kuti mudandilera."

"Chabwino, ndatseka pakamwa. Koma chimodzi chokha ndapota nawe. Usadye. Khala woonda."

"Kazembe woonda amachititsa manyazi dziko lake. Mfumu idatero." Ndipo adabwezera mutu m'dengu muja.

Sakhwi adapita kwa Njati, adakwera pachitsa kuti amvane.

"A Njati, simudabwa kuti amakwezedwa ndi okhawo otha kudutsa pakhosi?"

Njati adaima duu, adabzikula, adabzikulanso. Sakhwi adayesa kuti nzeru zikubwera.

"Kudabwa mulibe m'malamulo," adatero Njati, n'kupitiriza ulendo wake.

Choncho Sakhwi adatsala yekha ndi chinthu chake mumtima. Tsiku ndi tsiku ankaona mwana wake akudzaza. Nthiti zidabisika, khosi lidakula, khungu lidayamba kusalala. Nyama zikamayamikira kuti bwana akuoneka bwino, Sakhwi ankamva ngati zikukumba manda. Iye ndiye adaonda m'malo mwake.

Chilimwe chili pakati, msonkhano uja udaitanidwa. Mawu adali omwe aja: ntchito yotamandika, ndikumukweza, kuseri kwa phiri. Dikirani adalira ndi chimwemwe pamaso pa gulu lonse.

Tsiku loti mawa akoka, ngolo adaiveka nthambi ndi maluwa, adaiimika m'mphepete mwa bwalo pafupi ndi chitsa cha tsanya. Masana asilikali onse adatsikira kumtsinje kukachapa. Sakhwi adatsala, ati mutu ukumuwawa. Adaluma nsonga ya chingwe chija, adaikokera pansi pa ngolo. Adazunguliza mtanda wogwira mawilo, adathamangira kuchitsa, adazunguliza, adabwerera. Lowu, tuluku, lowu, tuluku, mpaka chingwe chonse chidathera pamenepo. M'kamwa mudatuluka magazi. Adakokera nthambi ndi udzu pamwamba, ndipo padaoneka ngati palibe chachitika.

Kutacha, dziko lonse lidasonkhana. Nsato adafika, mimba ili pwafu, poti chichokere Nguluwe adali asanalawe kanthu. Maso ake sankachoka pa Dikirani. Njati adaguba kudza patsogolo, adamenya sawasha.

"Mfumu, chingwe chasowa."

"Chasowa bwanji?"

"Chasowa chosowa, mfumu."

"Ndiye angoyenda wapansi kukafika pachipata."

"Sizingatheke, mfumu. Mwambo umati akokedwe."

"Potani china!"

Nyani adakanda m'mutu. "Luzi lauma, mfumu. Silisendeka mpaka mvula igwe."

Mpaka mvula igwe! M'mimba mwa Nsato mudalira, ndipo oyandikira adayesa kuti ndi chisoni chayamba msanga. Pamenepo Sakhwi adatulukira, adagwada, adaomba m'manja.

"Zikomo mfumu, kanthu kochepa ngati ine kalankhuleko?"

"Fulumira."

"Ine ndikuti chasowa bwino. Chingwe chija chidali cha mlenje. Dziko la ufulu, zaka zonsezi, kumakokabe akulu ake ndi chingwe cha atsamunda? Manyazi ake! Chikhalirecho chingwe chathuchathu chilipo, chachitali, cholimba, cha mawanga okongola, choti dziko lina lililonse lilibe."

"Chili kuti?"

Sakhwi adayang'ana mfumu kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kugwetsa nkhope.

"Ine?" adatero Nsato. "Ine ndikhale chingwe?"

"Kuchoka pano kufika pachipata pokha, mfumu. Tangoganizani zimene adzaimbe. Mafumu ena amatsazika asilikali awo ndi mawu, koma ya ku Msambanjati idapereka thupi lake lomwe. Ndipo zonse zitha dzuwa lisanakwere. Apo ayi, tidikire mvula. Kungoti bwanawa angayambe kuonda ndi nkhawa."

Nsato adayang'ananso Dikirani, adameza malovu.

"Ndikulunge mchira kungolo, asilikali agwire kumutu," adatero.

"Aa, mfumu! Zikhatho za anyani pakhosi panu? Mutu wa mfumu sugwiridwa. Inu mulume mtengo wakutsogolo kwa ngolowu, iwo agwire kumchira. Mukatero muyenda maso ndi maso ndi kazembe wanu njira yonse."

Mawu otsirizawa adamukomera Nsato. Dikirani adatula ndodo pamaso pake, adakwera pangolo, nkhope ikuwala. Nsato adayasamula, adaluma mtengo uja, khaa! Mtengowo udali wa mkuyu, wofewa, ndipo mano a nsato, monga mudziwa, adapindikira m'kati. Akalowa, alowa.

Njati adagwira kumchira. Anyani, anguluwe ndi ambidzi adandanda m'mbali, ena adagwira anzawo m'chiuno. Sakhwi adaliza lipenga loyambira, nyimbo idayamba.

Kokani, kokani,
Bwana akupita, kokani!

Ngolo osasuntha.

"Bwana ameneyu wanenepadi," adatero Njati, manyazi atamugwira. "Onjezerani mphamvu!"

Adakoka. Ngolo idalira kwee, koma osasuntha. Nsato adawongoka ngati mzere wa m'munda.

"Mmmf! Mmmf!" adatero Nsato.

"Mfumu ikuti chiyani?" adafunsa Nyani.

"Ine makutu adakalamba," adayankha Sakhwi. "A Njati, inu mwamva lamulo?"

"Lamulo silinamveke. Kokani!"

Osacheuka, osafunsa,
Bwana akupita, kokani!

Ziboda zidakumba pansi, fumbi lidati kobo. Nsato adatalika, adaonda, maso adatuluka tong'o. Dikirani ali pangolo adaona kuti zinthu zaipa.

"Imani! Imani, mukuipha mfumu!"

"Pepani bwana," adatero Njati ali wefuwefu, "ndodo mwatula."

Dikirani adatembenukira kwa Sakhwi. "Malume, lizani lipenga! Malume, ndapota nanu! Akafa ameneyu, njira ya kwa atate adzandionetsa ndani? Malume!"

Ana inu, palibe chidamupweteka Sakhwi ngati kuitana kumeneko. Chibadwire cha mwanayo adali asanamukanize kanthu akalira. Lipenga lidali m'manja, kamphuno kadali pafupi. Misozi idatsika, idanyowetsa lipengalo. Koma sadalize.

Phuu!

Nsato adaduka pakati. Asilikali adagwerana, mulu umodzi. Ndipo pabwalo padamwazika zinthu, ngwerengwere, ngwerengwere, kugubuduka mpaka kumapazi a oonerera. Zidali nyenyezi zamkuwa, zambirimbiri, zakuda ndi dzimbiri. Padali mano a Njiri, padali ziboda za Nguluwe.

Nyimbo idafera m'kamwa. Njati yekha adadzuka, adagwiranso chidutswa cha mchira, adachikoka mpaka pachipata, poti lipenga lidali lisanalire. Atafika adacheuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chilandirire ufulu, Njati adadabwa.

Mbiri idafika patsinde pa phiri. Akazi a akazembe adabwera, ena ndi ndodo, ena atawagwira padzanja. Mkazi wa Njiri adatola dzino, adaliyang'ana, adalifungatira. Atayamba iye kulira, dambo lonse lidalira. Maliro amene adachedwa zaka zonsezo adalirika tsiku limodzi, ndipo ine sindifuna kudzamva kulira kotero.

Dikirani adatsika pangolo. Adayenda pakati pa nyenyezi zija, akuzitembenuza ndi chiboda.

"Malume, za atate ndi ziti?"

Sakhwi adanunkhiza iyi, adanunkhiza iyo. Adafunitsitsa kunama, koma bodza lidakana kutuluka.

"Sindingadziwe, mwanawe. Zonse n'zofanana."

Adazikwirira m'dzenje limodzi. Pamaliropo Fisi adalira kuposa ofedwa, adagubuduka pansi, adachita kumugwira. Nyama zidati, wachifundo chotere ndiye woyenera ufumu, ndipo zidamusankha. Tsiku lomwelo Fisi adapereka ndodo kwa Njati. Iye za maphunziro sadafunse, poti fisi sameza chathunthu, amadya pang'onopang'ono.

Koma izo ndi za eni ake. Sakhwi adapachika lipenga, adayamba kufunafuna mwana wake, chifukwa Dikirani adali atavula nyenyezi n'kuchoka osatsazika. Adamupeza m'ziyangoyango za m'mphepete mwa mtsinje, ali yekha, nthiti zayamba kuonekanso.

"Ndabwera kudzakutenga, mwanawe. Tiye kumudzi."

Dikirani sadacheuke. "Mukadandisiya, malume. Ndikadalowa m'phanga muja ndikusekerera. Ndikadafa ndili ndi atate. Pano ndili moyo, koma ndilibe aliyense, ndipo ndilibe kopita."

"Uli ndi ine."

"Inu ndidakuitanani. Mudandimva, koma simudalize."

Sakhwi adasendera pafupi. Iye amene adapusitsa mfumu pamaso pa dziko lonse adangokhala pansi pambali pa ziboda za mwanayo.

"Kwiya nane," adatero. "Kwiya mpaka imvi zimere. Ndinkafuna ukhale ndi moyo woti uzindida nawo."

Dikirani adaimirira, adalowa m'kati mwa ziyangoyango, masamba adatsekeka pambuyo pake.

N'chifukwa chake mpaka lero mbawala sayenda pagulu. Amakhala yekha m'zitsamba zowirira, ndipo ukamuitana amathawa. Nayenso sakhwi, mukadzayenda m'thengo mudzaona tinjira take m'udzu, tosesedwa bwino, topanda ndi kachitsotso komwe. Amasesa m'mawa uliwonse kuti mwina mlendo wake abwera lero. Koma tinjirato n'tating'ono, mbawala sangadutsemo, ndipo palibe amene adalimba mtima kumuuza nkhalambayo.

Tsono inu amene mukukula, ndi inu akumbuyo amene mwadzuka tsopano, tsiku lina wamkulu adzakuyamikirani pagulu, adzakuonjezerani chakudya, adzati mupumeko musamathamange. Landirani ndi manja awiri, ulemu ndi wabwino. Koma pothokoza muziyang'anako kukula kwa pakhosi pake.

Nthano yanga yagwera m'phulusa pamenepa. Kaphuleni mbatata zija, ndipo zikapezeka zapserera musanene ine.